Malo aja a pamkuyu: tikonze bwalo la ana, koma tiyambire pati?

LACHIWIRI USIKU

Mayi a Tadala:
Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku, tulo takana. Lero cha m'ma 4 koloko ndimachokera ku msika wa Nsungwi, ndiye nditangokhota kulowa msewu wathu wafumbiwu ndinapeza ana akumenya chikulunga pakati pa msewu, zigoli zake njerwa ziwiri uku, ziwiri uko. Mpira unagubudukira kungalande, kamnyamata kena n'kuuthamangira osacheuka n'komwe. Apo n'kuti wakabaza akutsetsereka ndi njinga yamoto, kumbuyo atamanga thumba la makala. Anaponda mabuleki, njinga n'kukhwekhwereka chammbali, thumba phuu, makala mbwee msewu wonse. Mwanayo chogwirira cha njinga chinamumenya paphewa, n'kugwa chagada. Anadzuka ali mbuu ndi fumbi, magazi ali chuchuchu pamlomo, koma mawu ake oyamba anali akuti, "Mpira wanga uli kuti?" Ine miyendo inangoti zii, ndinakhala pansi pomwepo ndi dengu langa.

Wakabaza uja sindikumuda, amayenda pang'onopang'ono ndithu, akanakhala wina bwenzi pano tili pamaliro. Anawonso sindikuwada. Asewera kuti? Kuseri kwa nyumba zathu tinamangako maboyizikota ndi makola a nkhuku, kusukulu akaweruka geti amatseka. Ndiye ndifunse: malo aja a kuseri kwa kiosiki ya madzi, pamene pali mkuyu paja, angokhala dzala mpaka liti? Sitingawakonze kuti ana athu azisewerapo?

Naphiri:
Mayo ine! Ali bwanji mwanayo pano?

Mayi a Tadala:
Anapita naye kuchipatala, amusoka pang'ono pamlomo. Ali bwino. Dzina ndisatchule pagulu.

Bambo a Chisomo:
Ine ndalandira ndi manja awiri. Tisachulutsenso misonkhano. Khomo lililonse K5,000, tigule mapaipi, atiwotcherere akatungwe anayi ndi slide imodzi yotsetserekapo ana, Khrisimasi ikamafika ana akhale akusewera.

Aphunzitsi Opuma:
Bambo a Chisomo, mtima wanuwo ndi wabwino, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso loyamba si la katungwe, ndi la malo. Pa mapu a dera lino malowo analembedwa kuti ndi a chiyani? Tikhoza kuthira simenti ndi ndalama za anthu, mawa lake wina n'kutulukira ndi pepala kuti ndi ploti yake.

Ine ndinafika mu Lilongwe muno likulu litangosamuka kumene kuchoka ku Zomba mu 1975. Amene ankajambula mzindawu, a Capital City Development Corporation, ankasiya dala malo opanda nyumba pakati pa ma area, m'mbali mwa madambo ndi m'makona a misewu, kuti mzinda uzipuma. Nthawi imeneyo tinkawaona ngati tchire chabe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda muno muli anthu oposa 989,000, ndipo anapezanso kuti m'dziko lonse theka la anthu ndi ana osakwana zaka 18. Tangowerengani ana a pamzere wanu wokhawo. Malo amene atsala osamangidwa ndi ochepa, ndipo amene tisiya kuwagwiritsa ntchito ndi amene amayamba kupita.

Amfumu a Block:
Zikomo aphunzitsi. Ndikuchitireni umboni. Pa mapu amene ndinaonetsedwa nditangosankhidwa, malowo analembedwa kuti open space, kutanthauza kuti si omangapo nyumba. Koma pa zaka zitatu zapitazi ndathamangitsapo anthu kawiri, atabwera m'mamawa ndi tepi ndi mabikoni. Wachiwiriyo anali atagwetsa kale lole ya njerwa. Anandiuza kuti anagula, nditamufunsa kuti kwa ndani, anangoloza m'malere. Ndiye tichite mwadongosolo: komiti ilembe kalata, ipite kudzera kwa a khansala athu, a khonsolo ya mzinda atiyankhe molemba kuti malowo ndi a anthu onse ndipo atilola kukonzapo bwalo la ana. Lamulo la Physical Planning la 2016 sililola munthu kusintha ntchito ya malo mwa iye yekha, lomwelo likutiteteza ifenso. Kalatayo ikabwera, khomo lililonse likhale ndi fotokope yake.

Bambo a Chisomo:
Kalata imatenga miyezi, amfumu. Ana akhala akusewerabe mumsewu?

Amfumu a Block:
Kuchotsa zinyalala ndi kusalaza sikudikira kalata. Chodikira kalata ndi simenti.

LACHITATU

Achimwene a ku Joni:
Ndawerenga zonse m'mawa uno ndili pa basi. Ine kuno ku Johannesburg ntchito yanga ndi ya m'magadeni, ndipo kampani yathu imakonzanso malo osewerera ana m'mapaki ndi m'masukulu a mkaka. Ndiloleni ndinene zimene ndaona ndi maso.

Mwana savulala ndi katungwe ayi, amavulala ndi pamene wagwera. Katondo wathu wa ku Area 25 uja mwezi uno wa October amauma ngati konkire. Pansi pa chilichonse chokwerapo pamafunika kukumba n'kuthira mchenga wakuya masentimita 30, ndipo mchengawo uzitipulidwa, chifukwa ukagangatika ulibenso ntchito. Katungwe amafuna malo aakulu kuposa mmene anthu amaganizira: kutsogolo ndi kumbuyo kwake musiye mtunda wowirikiza kawiri msinkhu wa chitsulo chapamwamba chija. Ngati chitsulocho chili mamita 2 kuchokera pansi, ndiye kuti mamita 4 kutsogolo, mamita 4 kumbuyo, popanda njira yodutsa, popanda benchi. Ana ang'onoang'ono amakonda kuthamanga modutsa kutsogolo kwa katungwe, ndiye aikidwe kumapeto, osati pakati pa bwalo.

China chimene anthu sachidziwa ndi mipata. Mpata uliwonse pa makwerero kapena pa zitsulo zotchingira ukhale wochepera masentimita 9 kapena woposa masentimita 23. Wapakati pamenepo thupi la mwana limadutsa koma mutu umakanirira, mwana n'kulendewera pakhosi. Ife timayenda ndi kathabwa koyezera.

Slide ya chitsulo, Bambo a Chisomo, ndikupempheni muiwale kaye, pokhapokha ikhale pamthunzi tsiku lonse. Ndinaonapo kamtsikana katasupuka kuseri kwa ntchafu ndi lata lotentha masana. Dzuwa la ku Lilongwe mwezi uno likuomba pamutu penipeni.

Mmisiri wa Zitsulo:
Achimwene anena zoona. Ine ndiwonjezere za kuno kwathu. Akatungwe ndinawotchererapo pamalo ena, osatha miyezi isanu ndi umodzi matcheni onse anapita, kenako anabwera ndi sowo n'kudula mapaipi omwe, kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Tikafuna chitsulo, chikhale paipi yochindikala, mkati mwake tithiremo konkire kuti wodula atope nayo ndipo isagulike, miyendo ilowe pansi ndithu. Ngowe za tcheni ndiziwotcherera zitsekeke, zisamakole zala kapena malaya. Mitengo ya bulugamu ndi yotchipa, koma ikapanda mankhwala chiswe chimaidya mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino, tsiku lina n'kuthyoka mwana ali pamwamba. Ntchito ya manja anga sindilipiritsa, mungondigulira ma rodi ndi magetsi.

Achemwali a Netiboli:
Pepani akuluakulu, ndalowerera. Ndikuona nkhani yonse ikuzungulira pa mpira wa anyamata ndi akatungwe. Atsikana bwanji? Ndimaphunzitsa ana netiboli Loweruka lililonse, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika bwalo likangosalazidwa: anyamata akuluakulu a ku sekondale amafika, kuthamangitsa ang'onoang'ono, kuika zigoli, basi bwalo latha. Atsikana amabwerera kukajambula phada pakhonde la golosale, fulaye amakaponyera mumsewu womwewo wa kabaza. Ndiponso mtsikana wa zaka 10 sabwera yekha, amabwera ndi mng'ono wake kumsana chifukwa mayi apita kumsika. Ngati palibe pamthunzi pomukhazika mwanayo pomwe iye akumuona, sasewera n'komwe, amangoima m'mbali.

Ndiye pogawa malowo, gawo la atsikana lisakhale lotsala. Likhale lodulidwa bwino, losalala, pafupi ndi mkuyu, ndipo pakati pake ndi bwalo la mpira pakhale chotchinga, kaya mzere wa matayala, kuti mpira usamagwere makanda.

Naphiri:
Apa ndiye mwalasa, achemwali. Wanga wamkazi ndimamuona, amapita n'kubwerako pasanathe mphindi khumi, akuti anyamata atithamangitsa.

Bambo a pa Golosale:
Ine ndilankhule ngati munthu wa bizinesi. Chinthu chaulere sichisamalidwa. Timange mpanda wa njerwa, geti limodzi, mlonda, mwana aliyense azilipira K200 polowa. Loweruka tizibwereka jumping castle, chinyumba chopopa mpweya chodumphiramo ana. Ndalama imeneyo izilipira mlonda ndi kukonzetsa zowonongeka. Popanda zimenezo, chaka chamawa tidzakhala tikulemba muno kuti zonse zaphwasuka.

Mayi a Tadala:
Bambo, ine mwana amene ndinamuona akugwa uja mpira wake unali wa mapepala a pulasitiki womanga ndi linya. K200 tsiku lililonse akaitenga kuti? Amene angalipire ndi omwe aja makolo awo amapita nawo kale ku Lilongwe Wildlife Centre kapena kumalo odyera okhala ndi zoseweretsa. Otsalawo abwerera mumsewu, ndiye tapindulanji?

Aphunzitsi Opuma:
Ndigwirizane ndi Mayi a Tadala. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo ndime 31 ya panganolo imanena za ufulu wa mwana wopuma ndi kusewera. Sinanene kuti mwana wa ndalama. Koma Bambo a pa Golosale asatayidwe, funso lawo la amene azisamalira ndi lenileni, tiliyankhe. Ine mpanda wa njerwa ndikuukana pa chifukwa china. Khoma limabisa. Kuseri kwa khoma ndi kumene kumasutidwa chamba, ndi kumenenso munthu wa maganizo oipa angakokere mwana wamkazi osaonedwa. Mlonda weniweni wa bwalo la ana ndi maso a anthu: amayi a pamzere wa madzi pakiosiki, wogulitsa mandasi, ife okalamba. Mbali ya kumsewu yokha ndiyo ifunika kutchinga, ndi mpanda waufupi wofika m'chiuno, woti mpira usadutse koma munthu aziona mkati. Polowera pasayang'ane kumsewu mwachindunji, kuti mwana akamathamanga potuluka ayambe wakhota.

Bambo a pa Golosale:
Za kubisa kwa khomazo sindinaziganizire. Komabe ndalama ya mwezi ndi mwezi ipezeke. Ine ndikhoza kuika kabokosi pa kauntala.

Anesi:
Ndili pa buleki, ndilembe mwachangu. Mpanda umenewo musabzale nkhadze chonde. Utomoni wake ukalowa m'diso mwana amalira usiku wonse, ndipo ana amakonda kuthyola timitengo. Matayala ngati tiwagwiritse ntchito, abooledwe pansi kapena akwiriridwe theka, apo ayi mvula ikagwa tikhala taweta udzudzu pakati pa ana. Pochotsa dzala lija tisangosesa pamwamba: pansi pali magalasi osweka, misomali, malata a dzimbiri, mapampasi. Dothi lapamwamba lichotsedwe ndithu, chifukwa ana athu ambiri amasewera opanda nsapato, ndipo bala la msomali ndi njira ya kafumbata. Mchenga umaitana agalu ndi amphaka kudzachitiramo chimbudzi, ndiye uzipaliridwa ndi reki m'mawa. Penti tigule yamadzi, kapena yolembedwa kuti mulibe lead, chitsulo chapoizoni chija, chifukwa ana aang'ono amanyambita chilichonse.

Koma chachikulu ndi ichi: chimbudzi. Mwana wa zaka zinayi sathamangira kwawo, amakhala kuseri kwa mtengo. Tonse tikukumbuka kolera ija, pamene masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira mu January 2023. Ndisanaone katungwe ndikufuna ndione chimbudzi chokhala ndi chitseko, ndi chigubu chosambira m'manja.

Nachisale:
Ndakhala chete kuyambira dzulo, ndimaopa kuti ndikalemba ndilira. Mwana wanga wachiwiri ambiri mumamudziwa, amayendera njinga ya olumala chidwalireni malungo aakulu ali ndi zaka zitatu. Pano ali ndi zaka 9. Masana onse amakhala pakhonde, anzake akamadutsa ndi magalimoto awo amawaya iye amawaitana mayina mmodzimmodzi, iwo amayankha akuthamanga. Mawaya amadziwa kupinda kuposa onsewo, mateyala a zitsekerero za mabotolo amapanga yekha, koma galimoto yake sanaiyendetsepo pagulu.

Achimwene a ku Joni, mchenga mukunenawo ndaumva, koma mateyala a njinga yake mumchenga amatitimira, ine ndekha sindingakankhe. Ngalande ya pamsewu paja nayonso sitingaoloke. Sindikupempha zambiri. Kamlatho kosalala pangalande, ndi kanjira kolimba kofika pamthunzi pamene ana ena akhale. Asakhale ndi ngodya yakeyake, akhale pamene pali anzake.

Achimwene a ku Joni:
Mayi, mwandiphunzitsa. Mchenga ukhale pansi pa zokwera pokha. Kanjira tikapange ndi katondo wosakaniza ndi miyala ya kwale, tigangate bwino, m'lifupi mita imodzi ndi theka kuti njinga izitha kutembenuka. Pamapeto pake tikhoza kumanga tebulo la njerwa lofika m'chiuno mwa munthu wokhala pampando, pamwamba pake pokhala mchenga ndi dongo loumbira, pansi pake mpata woti mawondo alowe. Ana onse amathamangira tebulo loterolo. Akatungwe amodzi akhale a tayala lalikulu logona, lolukidwa zingwe pakati, mwana amatha kugonamo anzake n'kumamukankha.

Achemwali a Netiboli:
Kanjira komweko kakazungulira bwalo lonse kakhala msewu wa magalimoto amawaya. Ndiye mwana wa Nachisale akhala pampikisano ndi anzake.

Nachisale:
Ndamuwerengera uthenga umenewu. Wafunsa kuti ayambe liti kupinda ya mpikisano.

LACHINAYI

Nabanda:
Ndithokoze nonse, koma ine ndili ndi dandaulo, mundimvere. Nyumba yanga ndi imene yagundana ndi malowo. Chimwalirireni bambo a kunyumba kuno, chigawo cha kumunsi chija ndimalimapo chimanga ndi maungu, ndipo mizere ya chaka chino ndaunga kale, ndikungodikira mvula. Ndikudziwa kuti malowo si anga. Koma matumba awiri amene ndimapeza pamenepo ndi amene amandifikitsa mwezi wa August ndi adzukulu atatu. Mwakambirana masiku awiri, palibe amene wanditchula. Komanso mpira ukaswa galasi la zenera langa, ndikadandaule kwa ndani?

Mayi a Tadala:
Amayi, tikhululukireni. Ine ndi amene ndinayambitsa nkhaniyi ndipo ndimadutsa pamizere yanuyo tsiku lililonse. Ndinayenera kubwera kwanu ndisanalembe muno.

Bambo a Chisomo:
Koma tikayamba kutero aliyense abwera ndi chifukwa chake. Malowo ndi a anthu onse.

Amfumu a Block:
Ndi a anthu onse, ndipo Nabanda ndi mmodzi wa anthuwo. Ndikuuzeninso kuti tsiku la lole ya njerwa lija, amene anandigogodera 5 koloko m'mawa ndi mayi amenewa. Pakanapanda khasu lawo, bwenzi lero tikukamba za malo amene pali kale nyumba. Maganizo anga ndi awa: chaka chino alime ndi kukolola, ife tiyambire kumtunda kumene kuli dzala ndi mkuyu. Akakolola mu April tidzakhale pansi. Zigoli ziyang'ane kwina, osati kuzenera lawo.

Aphunzitsi Opuma:
Ndionjezere. Kumunsi kuja n'kumene madzi a mvula amathera, January yense pamakhala chithaphwi. Mpira sungaseweredwepo bwino ngakhale titafuna. Kamzere ka kumapetoko kakhoza kukhalabe dimba, tibzale vetiva m'mphepete kuti agwire dothi, ndipo ana aziona mmene dzungu limayalira. Ana a m'tauni ena sadziwa kuti chiponde chimachokera pansi pa nthaka. Ndipo mbande za mitengo zidzafuna munthu wokhala pafupi woziyang'anira mbuzi zisadye. Ndalama ya m'kabokosi ka Bambo a pa Golosale ikhoza kupita kwa Nabanda pa ntchito imeneyo, ngati iwo angalole.

Nabanda:
Ndikalola bwanji osalola. Mitengo ndimaidziwa. Koma musandibweretsere jakaranda, mwezi uno wotentha ndi pamene imakhala yopanda masamba, maluwa okhaokha. Bulugamu amamwa madzi onse ndipo nthambi zake zimagwa osachenjeza. Msangu uli ndi mthunzi nthawi yotentha koma minga yake ana opanda nsapato sangaipirire. Mbawa ndi yabwino, yochedwa koma ya muyaya. Kesha imakula msanga, tiyambire imeneyo podikira mbawa.

Naphiri:
Mango bwanji? Ana azidya.

Anesi:
Mango ndi abwino, koma akhale kutali ndi pamene pakhale makanda. Nyengo ino ana amagenda mango ndi miyala, ndipo amene timawasoka m'mutu ndi amene anangoima pansi. Ogwa mumtengo ndiye osanena.

Amfumu a Block:
Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 December mpaka pa 15 April. Maenje tikumbiretu mu November, tithiremo manyowa.

Agogo a Yamikani (akulemba ndi mdzukulu):
Agogo akuti ndilembe chonchi. Akuti iwo kumudzi kwawo ku Dowa kunalibe chitsulo chilichonse, koma dzuwa limalowa asanatope. Katungwe anali luzi pa nthambi. Nsikwa ankasema okha. Masanje ankachita m'munda akatha kukolola, timanyumba ta mapesi, kuphika zenizeni m'timiphika tadothi. Mwezi ukawala, chipako ndi chitelera pabwalo. Akuti chimene ana a lero akusowa si zoseweretsa, ndi pansi poti apondepo, ndi munthu wamkulu amene ali chapafupi koma osawalamula. Akuti muwaikire benchi pansi pa mkuyu ndi bawo, iwo ndi anzawo azikhala pamenepo masana, palibe mnyamata amene angathamangitse mwana wamng'ono iwo akuona. Akutinso musadzaze malo onse ndi zinthu, musiye poyera, ana amadziwa okha chochita napo.

Mmisiri wa Zitsulo:
Benchi ya agogo ndipanga yoyamba, yokhala ndi potsamira.

Aphunzitsi Opuma:
Mawu a agogo andikumbutsa kuti takambirana masiku atatu osafunsa eni ake. Loweruka 9 koloko ndikhala pansi pa mkuyu ndi mapepala ndi mapensulo. Tumizani ana, aakazi ndi aamuna, aang'ono omwe. Achemwali a Netiboli mundithandize, atsikana amamasuka ndi inu.

LOWERUKA MADZULO

Aphunzitsi Opuma:
Ndabwerako. Anabwera ana 43, ndinawerenga. Tinayamba n'kuyeza malowo ndi tepi ya mmisiri: mamita 62 m'litali, 38 m'lifupi, kuphatikizapo munda wa Nabanda. Kenako ndinawauza kuti andiyendetse, andionetse pamene amakonda ndi pamene amaopa.

Ananditengera kuchulu. Chulu chija cha kuseri kwa mkuyu, chimene ine m'mutu mwanga ndinali nditachigumula kale kuti tipeze dothi losalazira. Kumeneko ndiye kulikulu kwawo. Mbali imodzi yachita kusalala ngati yopaka polishi chifukwa chotsetserekapo atakhalira zigubu zodula pakati. Pamwamba pake akuti ndi pamene amaonera ndege zikamatsika kupita ku Lumbadzi. Kamtsikana kena ka Sitandade 2 kanandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chuluchi musachiphwanye." Slide imene timakanganirana muno ana ali nayo kale, ndipo siotcha.

Pamene amaopa ndi patatu: pali chitedze kumpanda wa kumadzulo, pali dzenje limene anthu ankaumbapo njerwa lomwe limadzaza madzi nthawi ya dzinja, ndi pamene pamagona agalu osokera. Dzenjelo ndalowamo, landifika pachifuwa. Limenelo likwiriridwe mvula isanayambe, lisadikire kalata kapena komiti.

Pa zojambula zawo, anyamata pafupifupi onse ajambula zigoli zokhala ndi ukonde. Akatungwe ajambula ana asanu ndi awiri okha. Chimene chawonekera pa mapepala ambiri kuposa zonse ndi mpopi wa madzi akumwa.

Achemwali a Netiboli:
Atsikana ndinakhala nawo paokha. Akufuna pansi posalala pojambula phada posafufutika ndi mpira, zitsulo ziwiri za netiboli, ndi chimbudzi chokhala ndi loko wa mkati. Wina wa Sitandade 7 ananena kuti iye sangabwere ngati anyamata akuluakulu azikhala polowera, chifukwa amawaitana mayina onyansa akamadutsa. Ndiye polowera pakhale pawiri, pena pafupi ndi kiosiki pamene pamakhala amayi. Anyamata aang'ono nawonso anapempha kuti pakhale nthawi yawo ya mpira, akuluakulu azibwera dzuwa litapendeka.

Bambo a Chisomo:
Ndavomera, akatungwe abwere pambuyo. K5,000 yanga ipite ku dzenjelo. Koma mpopi si nkhani yaing'ono, bilu azilipira ndani?

Naphiri:
Mpopi tiusiye kaye. Chigubu cha malita 20 chokhala ndi kampopi, tizitunga pakiosiki mosinthana makomo, chizigona kwa Nabanda. Makapu aliyense azibwera ndi yake.

Anesi:
Chikhale chovundikira, ndipo chizitsukidwa tsiku lililonse. Agaluwo ndikalankhula ndi alangizi a ziweto za katemera wa chiwewe.

Amfumu a Block:
Kalata ndalemba, asayina anthu asanu mawa tikaweruka ku tchalitchi, Lolemba ndikapereka kwa a khansala. Ndaikamonso pempho loti atithandize lole yodzachotsa zinyalala ndi kutiuza poyenera kukumba chimbudzi, poti chisayandikire paipi ya madzi. Komiti ikhale ya anthu asanu ndi awiri, amayi asachepere anayi, ndipo Nachisale ndi Nabanda akhalemo. Msungichuma azilemba muno ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndi chithunzi cha lisiti.

Bambo a Mphatso:
Sindinalembepo muno chiyambire. Mwana amene anagundidwa Lachiwiri uja ndi wanga. Ulusi amuchotsa Lachitatu likudzali. Usiku wa tsiku limenelo ndinamukalipira kwambiri, ndinamulanda mpira n'kuuponya padenga. Iye anangondifunsa kuti, "Nanga adadi tizisewera kuti?" Ndinalibe yankho, ndinatuluka panja. Lero anali nawo pamkuyu, wabwera ndi pepala lake, wajambula zigoli ndi mpanda kumbali ya msewu, ndipo kunja kwa mpandako wajambula njinga yamoto.

Mayi a Tadala, zikomo pomupukuta ndi chitenje chanu, mayi ake anandiuza. Ine ndimakonza malole ku Kanengo. Matayala akutha abwana amavutika nawo kotaya, ndawapempha ndipo alola. Ndikhoza kubweretsa 30 Loweruka likudzali, oboola kale, ndasankha opanda mawaya otuluka. Zibuma za nyumba yakale imene ndinagumula zilinso pakhomo, zikhoza kuyamba kukwirira dzenje lija.

Mayi a Tadala:
Mwana wa mnzako ngwako yemwe, bambo. Mpirawo mumutsitsire padengapo.

Bambo a Mphatso:
Ndatsitsa kale.

Mmisiri wa Zitsulo:
Loweruka ndibwera ndi wilibala ziwiri ndi piki. Amene ali ndi mafosholo ndi mareki alembe muno tidziwe. Magolovesi ndi ofunika chifukwa cha magalasi aja, ndipo ana asayandikire mpaka dothi lapamwamba litachoka.

Nabanda:
Chitedzecho musachigwire masana kukuomba mphepo. Ndichidula ndekha mawa m'mamawa mame asanaume, ndikachitenthere kutali. Wina andibwereke chikwanje, changa chabuntha.

Naphiri:
Ndimutuma Yankho abweretse chathu usiku uno.